Uthenga umene sitinayankhe

Anafika Lachitatu masana, mwezi wa Okutobala, nthawi ija malata a situdiyo yathu amatentha mpaka kompyuta kuzima yokha. Tinawaona pawindo akutsika pa njinga zahayala mmodzimmodzi, ena atayenda wapansi kuchokera ku Katete Stores, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. Anali amayi 14. Ena anavala zoyera za Chigwirizano, ena anali a Dorika, ena a Katolika ndi makolona awo m'khosi, ndi awiri a Pentekoste amene tonse timawadziwa chifukwa salumpha tsiku osaimba foni pa pulogalamu ya moni. Mipingo imene pa nkhani ya Sabata ndi ubatizo simvana, tsiku limenelo inayenda mzere umodzi. Patsogolo panali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anaphunzitsa atatu mwa ife kulemba dzina. M'manja ananyamula pepala long'amba m'kope, lopinda kanayi.

Sanakuwe. Anapempha mipando, anapemphera, ndipo aphunzitsi aja anawerenga. Choyamba, tileke kuliza nyimbo ina ya mnyamata wa ku Lusaka imene tinali kuiika madzulo aliwonse, chifukwa ana a giredi 2 anali atayamba kuiimba kuchitsime, mawu onse ndi kavinidwe komwe. Chachiwiri, tilengeze za kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika, kamene masana kanali kuonetsa mpira ndi mafilimu ankhondo, koma kukada kanali kuonetsa zolaula, mwana aliyense wa K1 akulowa. Chachitatu, tichotse pulogalamu ya achinyamata ya Loweruka, chifukwa sabata yathayo namwino amene tinali kumuitana anayankha funso la kuchotsa mimba, nanena poyera kuti lamulo la Zambia limalola nthawi zina.

"Ana anga," anatero atapinda pepala, "wailesi imalowa m'nyumba osagogoda. Muziona zimene mukuituma."

Inu anzathu a ku Lusaka ndi ku Chipata mwina mwayamba kale kuseka, mukuona amayi achikale atakumana ndi achinyamata ozindikira. Sizinali tero. Ife ndife ongodzipereka, malipiro athu ndi talktime ndi ya transipoti ikapezeka, masatifiketi a ku koleji ali m'masutikesi. Lamlungu mudzatipeza m'kwaya, wina amawerenga mawu kuguwa, wina ndi mlembi wa achinyamata. Amayi aja ndi amayi athu enieni. Ambiri a ife tinabadwa m'zaka zomwe Frederick Chiluba analengeza, pa 29 Disembala 1991, kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo pamene mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996 tinali tisanayambe n'komwe sukulu. Tinakulira momwemo. Unduna woona za chipembedzo utakhazikitsidwa mu 2016, nduna yake a Godfridah Sumaili n'kuletsa Zodwa Wabantu kuvina kuno, mpaka kubwezedwa pa eyapoti ya Lusaka mu Malichi 2018, mafoni a pa wailesi yathu anatentha ndi anthu oyamikira, ndipo ena a ife tinayamikira nawo. Unduna uja unatha mu 2021. Amayi a mipingo analipo usanabwere ndipo akadalipo. Alibe bajeti, alibe galimoto. Nkhondo yawo amaimenya ndi miyendo, ndi mapepala a m'kope.

Pa nyimbo ija analondola, ndipo manyazi anatigwira. Tinali kuidziwa mawu ake. Tinali kungoti anthu akuipempha. Tinaichotsa tsiku lomwelo.

Pa vidiyo analondolanso. Tinapita tokha usiku wina kukaona, ndipo zimene tinapeza sitidzazilemba pano: tiana ta zaka 10, 11, titakhala pa mabenchi kutsogolo, akuluakulu kumbuyo, wina aliyense akunamizira kuti sakuona mnzake. Tinaulutsa nkhaniyo osatchula dzina, amayi anapita kwa amfumu a mudzi, ndipo pasanathe sabata kanyumba kaja kanatsala ndi mpira wokha. Lamulo lilipo kale, ndime 177 ya Penal Code imaletsa kusunga, kugulitsa ndi kuonetsa zolaula, koma lamulo siliyenda lokha. Linayenda chifukwa amayi anayenda.

Chimene sitinaone msanga n'chakuti malondawo sanafe, anangosamuka. Analowa m'tuntemba totchajira mafoni, kumene mnyamata wa laputopu amakuikira nyimbo mu memory card pa K5, ndipo ukamutsinzinira diso amawonjezera zina. Analowa mu WhatsApp. Anafika mpaka kudambo, kwa abusa a ng'ombe amene sanapondepo m'kalasi koma amadziwa kutumizirana mavidiyo pa Bluetooth, atakhala asanu pa foni imodzi, ng'ombe zikulowa m'munda wa eni. Abusa a kumpingo amalalikira za chigololo kwa anthu ovala mataye, abusa a kudambo ali ndi phunziro lawo. Mayi wina wa gulu lija analanda mwana wake memory card, ndipo posadziwa kuti aichite chiyani anaiika pakati pa Baibulo, kuti mwina iyeretsedwe. Tinaseka, koma ife a masatifiketi tinalibe nzeru yoposa imeneyo.

Mfundo yachitatu ndiyo inatigawa. Tinakhala pansi madzulo a tsiku lomwelo. Wina anati namwino sananame, anangonena zimene zili m'buku la malamulo. Wina anati si zoona zonse zimene zimanenedwa ana ali pafupi. Wina, amene amasunga kabuku ka ndalama, anatikumbutsa kuti magetsi a situdiyo amalipiridwa ndi mapulogalamu a mipingo ndi mauthenga a maliro, ndipo mipingo ikatitembenukira tidzaulutsa ndi pakamwa. Kunena zoona, mfundo ya magetsi ndiyo inapambana, ngakhale kuti potuluka tonse tinali kunena za chikhulupiriro. Loweruka lotsatira, m'malo mwa namwino tinaika makwaya. Lamlungu anatitchula kuguwa ngati achinyamata achitsanzo. Zinatikomera.

Situdiyo yathu ili ndi kafoni kamabatani, kosweka galasi, komangidwa ndi labala. N'komwe omvera amatumizako mauthenga. Pa pulogalamu ya Loweruka kanali kudzaza ndi mafunso amene munthu sangafunse mayi ake kapena alangizi: za kumwezi, za zilonda, za mnyamata amene akuti ukakana ndiye kuti sundikonda. Pulogalamu itachoka, mafunso sanadziwe kuti yachoka. Anapitiriza kubwera, makwaya akuimba.

Umodzi unafika Loweruka lachiwiri. Wolembayo anati ali giredi 9, miyezi iwiri yapita osaona kumwezi, mwamunayo ndi wamkulu ndipo ali ndi banja, wamuuza kuti akaulula adzakana. Anapempha kuti tifunse anamwino aja achite bwanji, ndipo tisatchule nambala yake. Foni inayenda m'manja mwa tonse amene tinalipo. Wina anati timuuze apite kwa abusa. Wina anati nkhani zimenezi tinagwirizana kuti tazisiya. Wina anayang'ana talktime, munalibe. Tinati tidzaona Lolemba. Lolemba kunali nkhani ya feteleza. Uthenga unabweranso pakati pa sabata, waufupi, wongofunsa ngati tinalandira. Kenako kanabwera ka "please call me", kawiri usiku umodzi. Kenako zii.

Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, munthu anabwera pa njinga ndi uthenga wa maliro wochokera kumudzi wina cha ku Sinda. Mtsikana wa zaka 15, anadwala mwadzidzidzi. Tinalandira K20 yake, tinawerenga uthengawo katatu monga mwa nthawi zonse, nyimbo yachisoni ili pansipansi. Mnzathu wina kwawo ndi komweko, ndipo anapita kukakhuza. Atabwerera anakhala nthawi yaitali osalankhula. Zimene amayi anali kunong'onezana kumoto zinali zosiyana ndi zimene zinanenedwa kumanda. Mtsikanayo anapatsidwa zakumwa ndi munthu wina wa m'mudzi. Anataya magazi masiku awiri ali m'nyumba, akuuza amake kuti ndi malungo. Pomwe anamukweza pangolo kupita kuchipatala, mochedwa kale. Mlaliki anakamba za atsikana amasiku ano ndi mafoni awo. Mwamuna amene mudzi wonse unali kumuloza ndi maso anakhala pakati pa amuna anzake, anapereka chipepeso, dzina lake linawerengedwa.

Usiku umenewo tinagula talktime ndi ndalama zathu n'kuimba nambala ija. Inali yozima. Tinaimbanso mawa lake, ndi mkuja. Mwina anali iyeyo. Mwina anali wina amene lero ali ndi mwana kumsana, akugulitsa tomato pa Great East Road. Atsikana a giredi 9 anali atadzaza m'masukulu onse kuyambira ku Nyanje mpaka ku Chanida. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia, 29 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pathupi, ndipo kuno kummawa chiwerengerocho chinaposa pamenepo. Nambala imodzi yozima m'khamu lotere siingakuuze kanthu. Komabe kuyambira tsikulo kafoni kaja kanayamba kulemera.

Tinabwerera ku rekodi ya pulogalamu imene inayambitsa mlandu, kuti timve bwinobwino zimene namwino ananena. Pa za kuchotsa mimba analankhula mphindi zosakwana zitatu. Anati lamulo la 1972, Termination of Pregnancy Act, limalola zimenezi kuchitika m'chipatala mokha, madokotala atatu atavomereza kuti moyo kapena thanzi la mayi lili pangozi, kapena thanzi la ana amene ali nawo kale, kapena kuti mwana adzabadwa ndi chilema chachikulu. Anati mu 2005 malamulo anawonjezera mwana wamkazi amene wagwiriridwa. Mphindi zina zonse ananena zinthu zina. Anati kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu wa zaka zosachepera 15 m'ndende, ndipo wolakwa ndi mwamunayo, osati mwanayo. Anati kuyambira 1997 mtsikana wotenga mimba ali pasukulu ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi akabereka. Anati ukaona magazi usadikire, usaope mafunso, thamangira kuchipatala usiku womwewo, chifukwa mayi wotaya magazi amathandizidwa kaya zayamba bwanji. Anabwereza zimenezi kawiri.

Tinakhala chete situdiyo yonse. Mawu amene akanauza mtsikana kuti angathe kusunga mwana wake osataya sukulu, ndi mawu amene akanamutulutsa m'nyumba tsiku loyamba la magazi, anali m'pulogalamu yomweyo imene tinachotsa pofuna kuteteza moyo.

Musatimve molakwa. Ambiri a ife sitinasinthe zimene timakhulupirira pa za mwana wosabadwa. Pa referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, pamene ndime yatsopano ya maufulu inali ndi mawu akuti moyo wa munthu umayamba mayi akangoima, ena a ife tinavotera inde ndi mtima wonse, ndipo zinatiwawa pomva kuti yalephera chifukwa mavoti sanafike theka la anthu onse oyenera kuvota. Amene amatiuza pa Facebook kuti okana kuchotsa mimba ndi anthu osaphunzira sanakhalepo pansi ndi amayi awa, amene ena a iwo anaika ana atatu m'manda asanalere mmodzi. Kwa iwo mimba si mtsutso. Chimene chinatisautsa n'china: tinazindikira kuti mtsikana amene amamwa zakumwa zija nthawi zambiri saopa mwana. Amaopa ife. Amaopa benchi yakumbuyo, dzina lake kuwerengedwa mumpingo, maso a kwaya, mawu a amake akuti wandichititsa manyazi kwa anzanga a Lachinayi.

Tinapita atatu kunyumba kwa aphunzitsi aja. Tinawapeza akusenda nshawa pakhonde. Tinagwada, tinapereka moni, ndipo tinawapatsa foni kuti awerenge okha. Anatumiza mdzukulu kukatenga magalasi. Anawerenga mauthenga onse, mpaka ka "please call me" komaliza, anafunsa kuti kameneka n'chiyani, tinawafotokozera.

"Mimba ndi munthu," anatero. "Pamenepo simundisuntha, ngakhale mubwere ndi madokotala 10."

Tinati sitinabwere kudzawasuntha, amayi.

Anasenda nshawa zina. Kenako anayamba kulankhula ngati akuuza lichero. Anati pa zaka zonse zimene akhala mumpingo aperekeza atsikana ambiri kwa akulu a mpingo kukadulidwa, ena anawagwira dzanja okha, akulira. Anayesa kuwerenga pa zala amuna amene anawaperekezapo. Zala sizinagwire ntchito. Mnyamata amathawira ku Lusaka kwa amalume ake, wamkulu amapereka mbuzi ndi ndalama kwa makolo nkhani n'kuthera pakhonde. "Pa pepala lija," anatero, "mwamuna amene tinamulemba anali woimba nyimbo yekha, ndi wa vidiyo. Onse awiri sanapatse mwana wa munthu mimba."

Sanapepese, ndipo ifenso sitinawapemphe kutero. Amene anachotsa pulogalamu ndife, amene anaona uthenga n'kuika foni pansi ndife. Anangofunsa kuti namwino uja amabwera nthawi yanji.

Pulogalamu inabwerera mu Januwale, ili ndi mipando iwiri. Namwino mbali iyi, aphunzitsi mbali iyo. Aliyense amene akuganiza kuti anagwirizana sanamvere. Namwino akatchula lamulo la 1972, aphunzitsi amayankha kuti lamulo la boma silifafaniza la Mulungu, ndipo amauza mtsikana womvera kuti asachotse, abwere kwa iwo. Namwino amadikira amalize, n'kubwereza za chipatala. Tsiku lina anakangana za makondomu mpaka tinakweza nyimbo. Koma pa zinthu ziwiri mawu awo amagwera pamodzi: magazi akayamba thamanga, ndipo mwamuna wamkulu wogona ndi mwana apite kupolisi, osati pakhonde.

Tinalipira. Mnzathu mmodzi, wa mawu okoma kuposa tonse, anasiya, akuti tagulitsa chikhulupiriro. Timapatsanabe moni pamsika, koma moni wake ndi waufupi. Mpingo umodzi unachotsa pulogalamu yake miyezi ingapo. Mbali inayo, munthu wina wa bungwe la zaumoyo anatidzudzula kuti taika mlaliki pa pulogalamu ya thanzi ndipo tikusokoneza atsikana. Mwina onse awiri ali ndi mfundo. Ife tinaona kuti makolo amene kale anali kuzima wailesi namwino akayamba, tsopano amaisiya, chifukwa akumva mawu a munthu amene amapemphera naye. Ndipo mtsikana amene akutsuka mbale pafupi amamva zonse ziwiri.

Chaka chathachi tinapita ku Vubwi kukajambula msonkhano wa achinyamata a mpingo. Amene sanafikeko sadziwa kutalika kwake. Boma limeneli, monga Sinda, linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo lili pakona pamene Zambia imakumana ndi Malawi ndi Mozambique. Mawailesi a ku Malawi amamveka bwino, ndipo amayi a kumeneko anali kukumbukira ndithu za pa 6 Disembala 2016, pamene maepiskopi a Katolika ndi mipingo ya Evangelical ku Malawi anatsogolera anthu m'misewu kukana kusintha lamulo la kuchotsa mimba. Titawafotokozera za lamulo lathu la madokotala atatu, mayi wina anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati madokotala atatu pamalo amodzi iye anawaonapo pa TV. Lamulo limene anthu a m'tauni amakanganirana, kumeneko lili kutali ngati Lusaka yemwe. Chimene chili pafupi ndi gogo wa mizu, ndi mtunda wopita kuchipatala.

Amayi omwewo anatitengera kumunda. Ndi kagulu ka mpingo, komwe kanathamangitsa wa vidiyo pamalo awo a malonda, ndipo salola nyimbo zina pa zikwati za ana awo. Koma ali ndi munda wa soya ndi nshawa umene amalima pamodzi, ndipo ndalama zake zimagula matewera, sopo ndi makope. Mtsikana akapezeka ndi mimba, awiri a iwo amapita kaye kwa amake usiku, nkhani isanafike kuchitsime, kukawakhazika mtima. Wina amasunga khanda masana mtsikana akabwerera kusukulu. Tinawafunsa ngati sakuopa kuti akulimbikitsa chiwerewere. Wamkulu wawo anatiyang'ana ngati tafunsa za chibwana. Anati ngati tamuuza kuti asachotse, ndiye kuti mwanayo ndi wathu tonse. Kapena tikufuna anyamule yekha zimene talamula ndife?

Titabwerera tinaulutsa mawu amenewo osadula. Aphunzitsi anamvera ali m'situdiyo, manja ali pachibwano, ndipo sananene kanthu. Patapita masabata awiri gulu lawo lija, lomwe la anthu 14, linapitanso ndi pepala la m'kope, ulendo uno kwa amfumu a mudzi wina kumene mwana wa zaka 14 anali kukonzedwa kuti akwatiwe ndi amene anamupatsa mimba. Anali atamva kuti kuyambira Disembala 2023 lamulo silizindikira ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa chikhalidwe, ndipo anakumbutsa amfumuwo kuti Kalonga Gawa Undi mwini wake amadzudzula maukwati a ana. Ukwati unaimitsidwa. Nkhani ya kupolisi inavuta, chifukwa makolo anali atadya kale ndalama, ndipo mwamunayo akuyendabe. Mtsikanayo anabereka mu Juni. Za sukulu tikudikira Januwale.

Kafoni kaja kakadalipo, labala tinasintha. Tinagwirizana kuti Loweruka palibe amene atseke situdiyo muli uthenga wosayankhidwa, ndipo funso likakhala lolemera, namwino amaimba yekha ali panja, kuseri kwa jenereta, kumene palibe womva. Talktime imavutabe. Sabata yatha inatha pakati pa foni, ndipo aphunzitsi anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa K10 yopindapinda, natuma mmodzi wa ife kukantemba. Potuluka, atavala kale nsapato, anatulutsanso kapepala kena. Panali maina a nyimbo ziwiri zimene anazimva Lachinayi madzulo. Imodzi tinaichotsa. Inayo tikukanganabe.